Tiike zigamba kapena tigule ina? Za sisitimu yokalamba ya mosungira katundu

Sisitimu ya kompyuta yoyendetsera nyumba yosungiramo katundu siifa tsiku limodzi. Ikanamafa choncho, bwenzi palibe mkangano: anthu akanadandaula, n'kugula ina. Koma imakalamba mwakachetechete. Chaka chino mumva kuti masikana a m'manja, timakina towerengera zizindikiro za pa katundu, akuchedwa kulumikizana. Chaka chamawa wina ayamba kusunga fayilo ya Excel pambali, ati yongothandizira. Kenako mudzapeza kuti katundu amene kompyuta ikuti ali pa shelefu yachitatu ali m'katoni kuseri kwa chitseko, ndipo wodziwa zimenezi ndi munthu mmodzi yekha wa shifiti ya usiku. Malole akunyamukabe, masitolo akulandirabe katundu, koma aliyense wogwira ntchito m'menemo akudziwa kuti zinthu zikuyendera mphamvu za anthu, osati za makina.

Nkhaniyi ikafika kwa akuluakulu a kampani, anthu amagawikana pawiri. Ena amati tiyambe pang'ono: tigule masikana atsopano a gawo limodzi, tisunthe katundu woyenda msanga abwere pafupi ndi khomo, tiyese kapulogalamu kowerengera katundu, tione zotsatira, zazikuluzo tidzakambe m'tsogolo. Kawirikawiri olankhula chonchi ndi a zachuma, komanso aliyense amene anaonapo ntchito yaikulu ya makompyuta ikudya ndalama popanda chooneka. Ena amati ayi, tatopa ndi zigamba, tichotse zonse tiike sisitimu yatsopano kamodzin'kamodzi. Awa amakhala a dipatimenti ya makompyuta amene amadzutsidwa pakati pa usiku seva, kompyuta yaikulu imene sisitimu imakhalamo, ikaima, ndipo kumbuyo kwawo kumakhala ogulitsa mapulogalamu ndi zithunzi zawo zokongola.

Ndakhalapo m'misonkhano yotere, ndipo chimene ndaona n'chakuti mbali zonse ziwiri zimanena zoona pa zoipa za anzawo, koma zimangodutsa mothamanga pa zoipa za njira yawoyawo. Ine ndimaima apa: kukula kwa ntchito si kumene kuyenera kuyamba kukambidwa. Choyamba n'kudziwa kumene vuto lagona. Likhoza kukhala m'manambala amene mwalowetsa mu sisitimu, likhoza kukhala m'kagwiridwe ka ntchito pansi pa mashelefu, kapena likhoza kukhala m'mafupa enieni a pulogalamuyo. Mavuto awiri oyambawo sisitimu yatsopano siingawathetse, ingowasamutsa. Lachitatulo palibe chigamba chingalithetse.

Kwa amene sanalowepo m'depoti yaikulu, kutanthauza nyumba yosungiramo katundu, ntchito ya pulogalamuyi, imene akatswiri amaitcha WMS, ndi yosavuta kuifotokoza. Lole ikafika, imalemba zimene zatsitsidwa n'kuziyerekeza ndi zimene zinaitanitsidwa. Imauza woyendetsa forklift shelefu yoti akaikepo paleti. Oda ikabwera kuchokera ku sitolo, imauza wotola katundu njira yoti ayende ndi zoti atenge. Malo otolerapo akatsala pang'ono kuuma, imaitanitsa katundu kuchokera ku mashelefu a m'mwamba. Pamwamba pake pamakhala sisitimu ina yaikulu, ya ERP, yosunga za ndalama, mitengo ndi maoda opita kwa ogulitsa katundu, ndipo ziwirizi zimayenera kulankhulana. M'makampani ambiri akale zimalankhulana kamodzi patsiku, usiku, anthu atagona. Kumbukirani mfundo imeneyi, chifukwa tibwererakonso.

Zonsezi zimadalira chinthu chimodzi: kuti zimene kompyuta ikunena zikhale zimene zilidi pa shelefu. Ndipo apa m'pamene pamadabwitsa. Mu 2008, ofufuza awiri, Nicole DeHoratius ndi Ananth Raman, anasindikiza zimene anapeza ataunika zolembedwa za katundu pafupifupi 370,000 m'masitolo 37 a kampani imodzi yaikulu. Mwa zolembedwazo, 65 pa 100 zilizonse sizinkagwirizana ndi katundu weniweni. Iyi sinali kampani yolemba m'makope ayi, inali ndi makompyuta ake. Katundu amabedwa, amawonongeka osalembedwa, amaikidwa pamalo olakwika, wolandira amasikana katoni imodzi kasanu poganiza kuti zonse n'zofanana. Kulakwitsa kulikonse n'kwakung'ono, koma kumaunjikana.

Wofuna kuona zimene zimachitika sisitimu yatsopano ikadyetsedwa manambala abodza aone zimene zinachitikira Target ku Canada. Kampani ya ku America imeneyi inatsegula masitolo ake oyamba m'dzikolo mu March 2013, ndipo pofika kumapeto kwa chakacho inali itatsegula masitolo 124. Mapulogalamu amene inkagwiritsa ntchito kwawo inawasiya, n'kuyamba ndi atsopano, kuphatikizapo SAP, pulogalamu yodziwika ya ERP yopangidwa ndi kampani ya dzina lomwelo. Tsatanetsatane wa katundu pafupifupi 75,000 anayenera kulowetsedwa mothamanga ndi antchito ambiri achinyamata amene anali asanazolowere ntchitoyo. Kutalika kwa katoni kunkalembedwa pamalo a mulifupi, mainchi ankasokonezedwa ndi masentimita, chiwerengero cha zinthu za m'katoni chinkalakwika. Malipoti amene anatuluka pambuyo pake anati zolembedwa zolondola zinali pafupifupi 30 pa 100 zokha. Zotsatira zake zinali zoseketsa komanso zomvetsa chisoni: madepoti anadzaza mpaka kusowa poponda, pomwe m'masitolo makasitomala ankapeza mashelefu opanda kanthu. Mu January 2015 kampaniyo inalengeza kuti ikutseka masitolo onse 133, ndipo anthu pafupifupi 17,600 ntchito inawathera.

Zoona, Target inali ndi mavuto enanso, monga mitengo imene makasitomala sanakondwere nayo ndi liwiro lotsegulira masitolo. Koma ndimaitchula chifukwa pulogalamu imene anagula sinali yachabechabe. Makampani ambirimbiri amaigwiritsa ntchito bwinobwino. Inangochita zimene inauzidwa.

N'chifukwa chake ntchito yoyamba siili mbali ya gulu lililonse mwa awiri aja. Ndi ntchito yotopetsa, yopanda ulemerero, imene palibe amene amakwezedwa nayo pa udindo: kutenga tepi ndi sikelo, kuyeza makatoni, kufufuta manambala a katundu amene anasiya kugulitsidwa kalekale, kuphatikiza katundu mmodzi amene analembedwa kawiri ndi mayina osiyana, kumata barcode pa malo aliwonse a pa shelefu. Kenako kusiya kudalira kuwerengera katundu kamodzi pachaka, n'kuyamba kuwerenga mashelefu ochepa tsiku lililonse, katundu woyenda msanga pafupipafupi, wogona mwa apo ndi apo. Ndipo kusiyana kukapezeka, osangokonza nambala m'kompyuta n'kupitirira, koma kufunsa kuti kwabwera bwanji. Ndalama yogwiritsidwa ntchito pamenepa siitayika ngakhale mutadzasankha njira iti. Mukasunga sisitimu yakale, iyamba kunena zoona. Mukagula yatsopano, mudzasamutsa zinthu zoyera. Nthawi zina, ikatha ntchitoyi, madandaulo amene anayambitsa mkangano wonse amachepa kwambiri moti anthu amayamba kuchita manyazi ndi bajeti imene anapempha.

Pali zinthu zina zimene kuyesa pang'ono kumazichita bwino kwambiri, ndipo sindikufuna kuzichepetsa. Mabuku ophunzitsa ntchito ya m'madepoti amanena kuti pafupifupi theka la nthawi ya wotola katundu limathera pa kuyenda chabe. Ndiye kungosuntha zinthu zoitanitsidwa kawirikawiri kuti zikhale pafupi ndi malo opakirira, pa msinkhu wosafuna kuwerama kapena kukwera, kumaonetsa phindu m'masabata ochepa popanda kukhudza pulogalamu. Kusintha masikana, kukonza netiweki m'makona amene siifika, kutola maoda angapo pa ulendo umodzi, zonsezi mukhoza kuziyesa pa mzere umodzi wa mashelefu. Zikakanika mwataya zochepa, ndipo Lolemba mubwerera ku zakale.

Vuto n'lakuti kuyesa pang'ono kumadziwa kunama. Sikunama mwadala, koma taonani mmene kumakonzedwera. Amasankha depoti yaing'ono, yaukhondo, imene manijala wake amakonda zatsopano. Amasankha antchito akhama. Amasankha mwezi umene malonda ali ozizira. Katswiri wa kampani yogulitsa pulogalamuyo amakhala pomwepo tsiku lonse, chilichonse chikavuta amachikonza anthu asanachione n'komwe. Pakatha miyezi itatu lipoti limatuluka lodzaza ndi mizere yokwera, aliyense n'kuwomba m'manja. Chimene chayesedwa pamenepo si pulogalamu, koma pulogalamu pamodzi ndi chisamaliro chapadera chimene sichidzapezeka ku depoti yachisanu ndi chiwiri, pa shifiti ya usiku, m'nyengo ya malonda ambiri, theka la antchito ali aganyu amene afika dzulo.

Lidl, kampani yaikulu ya masitolo ya ku Germany, inayamba mu 2011 ntchito yosintha sisitimu yake yakale yoyendetsera katundu, imene inadzipangira yokha, kuti iike yatsopano yozikidwa pa SAP. Sanachite mopupuluma. Anayamba kuigwiritsa ntchito ku Austria mu 2015, n'kuiikanso ku Northern Ireland ndi ku America, kumene malonda awo anali ochepa poyerekeza ndi kwawo. Komabe mu 2018 anaimitsa ntchito yonse, n'kubwerera ku sisitimu yakale, atawononga ndalama zimene malipoti anati zinali pafupifupi mayuro 500 miliyoni. Chimodzi mwa zifukwa zimene zinatchulidwa kwambiri chimaoneka chaching'ono: Lidl inazolowera kuwerengera mtengo wa katundu wake potengera mtengo wogulira, pomwe pulogalamu yatsopanoyo inapangidwa potengera mtengo wogulitsira. Kampani sinafune kusintha kachitidwe kake, ndiye anayamba kupinda pulogalamu kuti igwirizane nawo. Kupinda kulikonse kunabala kupinda kwina, mtengo n'kumakwera, liwiro n'kumatsika.

Nkhani ya Lidl imapweteka magulu onse awiri. Kwa okonda kusintha zonse, ikuonetsa kuti zaka zisanu ndi ziwiri ndi ndalama zankhaninkhani sizitsimikizira kanthu. Kwa okonda kuyamba pang'ono, ikuonetsa kuti chinthu chikhoza kuyenda m'malo ang'onoang'ono n'kukanika kunyamula katundu wa malo aakulu. Ndipo kwa onse, ikuonetsa funso limene liyenera kuyankhidwa kontirakiti isanasainidwe: pulogalamu ikadzasemphana ndi chizolowezi chathu, adzagonje ndani? Ngati yankho lili lakuti pulogalamu nthawi zonse, ndiye kuti simukugula sisitimu yatsopano, mukumanganso yakale ija pa mtengo wokwera.

Tsopano mbali imene okonda zigamba sakonda kuimva. Chigamba chilichonse chimaoneka chotchipa chifukwa mtengo wake weniweni sulembedwa pa tsiku logula. Kapulogalamu ka masikana kamafuna kulumikizidwa ku sisitimu yakale. Ka maoda a pa intaneti nakonso. Ka makampani onyamula katundu nakonso. Pakapita zaka, pamakhala milumikizo khumi ndi ingapo, iliyonse yolembedwa ndi munthu wosiyana, ena mwa iwo anachoka kalekale osasiya cholembedwa chilichonse. Kusintha kanthu kamodzi kumafuna kuyesa zonse, ndiye anthu amayamba kuopa kusintha chilichonse. Mtengo wa zimenezi umabisala m'maola owonjezera, m'anthu olemba chinthu chimodzi kawiri, m'katundu wowonjezera amene mumasunga chifukwa simukhulupirira manambala anu, m'maoda amene kasitomala walipira kenako n'kuuzidwa kuti pepani chatha. Palibe mzere umodzi mu bajeti wolembedwa kuti "mtengo wosasintha sisitimu", ndiye poyerekeza, njira yongokhala imaoneka ngati yaulere.

Palinso matenda ena amene ndimawaona kawirikawiri: kuyesa kosatha. Kampani imayesa maloboti pakona iyi, imayesa makina ouza wotola katundu zochita ndi mawu pakona iyo, imayesa RFID, tizizindikiro towerengedwa ndi mafunde a wailesi, pa katundu wina, ndipo palibe chimene chimakula kapena kufa. Kwa akuluakulu ena, kuyesa ndi njira yaulemu yozembera chiganizo. Munthu amaoneka kuti akuchitapo kanthu, pomwe akungodikira kuti vuto lalikululo lidzagwere womulowa m'malo.

Nanga mungadziwe bwanji kuti vuto lafika m'mafupa? Chizindikiro chosavuta kuchiona ndi pamene wopanga wasiya kusamalira chinthu chake. Masikana ambiri a m'madepoti ankayendera pulogalamu ya Windows Embedded Handheld 6.5, ndipo Microsoft inasiya kuisamalira mu January 2020, zimene zinakankhira makampani ambiri ku masikana a Android, atafuna asafune. SAP nayo inalengeza kuti chisamaliro chanthawi zonse cha sisitimu yake yakale ya ERP yotchedwa ECC chidzatha kumapeto kwa 2027, ndipo ofuna kupitirira mpaka 2030 adzalipira zowonjezera. Masiku oterewa sakambirana ndi munthu. Pulogalamu yosalandiranso zotseka mipata ya chitetezo, yolumikizidwa ku netiweki, ndi khomo losatseka.

Koma ukalamba pawokha si mlandu. Pali madepoti amene mpaka lero amayendera makina a mtundu wa AS/400, amene IBM inatulutsa mu 1988, ndi zowonekera zawo zakuda za malemba obiriwira, ndipo amayenda mokhulupirika kuposa mapulogalamu ena a dzana. Wogwira ntchito wozolowera amalemba pa makina amenewo mwaliwiro loti mbewa ya kompyuta singamupeze. Ndikamva munthu akuti tisinthe chifukwa ikuoneka yachikale, ndimadziwa kuti sanaimepo pa malo olandirira katundu.

Chizindikiro chenicheni n'chakuti bizinesi yasintha maonekedwe, ndipo sisitimu ilibe mawu ofotokozera maonekedwe atsopanowo. Pulogalamu yopangidwa kuti izitumiza makatoni athunthu ku masitolo makumi angapo imaganiza m'makatoni. Mukayamba kugulitsa pa intaneti, mukufuna kutola chinthu chimodzi, kuchipakira munthu mmodzi, maulendo zikwi patsiku, ndiponso kulandira zobwezedwa chimodzichimodzi n'kuziunika. Mukufunanso kuti tsamba lanu la pa intaneti lidziwe katundu wotsala pa mphindi ino, osati mmene zinalili usiku wathawu. Apa m'pamene kulankhulana kwa kamodzi patsiku kuja kumasanduka khoma. Chimodzimodzi ngati mwayamba kugulitsa zinthu zokhala ndi tsiku lothera ntchito, koma sisitimu siidziwa kusiyanitsa katundu wofanana wobwera pa nthawi zosiyana, kapena ngati imalola chinthu chimodzi kukhala pa malo amodzi okha. Izi si zoti mungazimatire pamwamba. Mukayesa, mumapezeka mwamanga sisitimu yachiwiri yonse kunja kwa yoyamba, m'mafayilo a Excel ndi m'mitu ya anthu. Zikafika apa ine ndimagwirizana ndi a makompyuta: iyenera kupita.

Kunena kuti iyenera kupita sikunena kuti ipite yonse Lachisanu madzulo. Walira mvula walira matope, ndipo matope a kusintha zonse nthawi imodzi ali ndi mbiri yaitali. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Sainsbury's, kampani ya masitolo ya ku Britain, inasintha makompyuta ake n'kumanga madepoti anayi aakulu oyendetsedwa ndi makina. Makinawo ankavutavuta, katundu n'kumakanika kufika pa mashelefu. Mu October 2004, mkulu watsopano wa kampaniyo, Justin King, analengeza kuti akufufuta m'mabuku ndalama zokwana mapaundi pafupifupi 260 miliyoni za makompyuta ndi makina a m'madepoti, ndiponso kuti alemba ntchito anthu 3,000 oti azidzaza mashelefu ndi manja. Hershey, kampani ya chokoleti ya ku America, inayatsa masisitimu atatu atsopano nthawi imodzi mu July 1999, maoda a Halloween, chikondwerero cha kumapeto kwa October chimene anthu amagulira maswiti ambiri, atayamba kulowa, ndipo inalephera kutumiza katundu wa madola pafupifupi 100 miliyoni, ngakhale katunduyo analipo. KFC ku Britain, mu February 2018, inasamutsira ntchito yonse yogawa katundu kwa DHL, kampani yonyamula katundu, kudzera m'depoti imodzi ku Rugby, ndipo m'masiku ochepa malo ake odyera mazanamazana anatsekedwa chifukwa nkhuku sizinafike. Patangopita milungu yochepa, gawo lina la ntchitoyo linabwezedwa kwa Bidvest, amene ankaigwira kale. Nkhani zitatuzi n'zosiyana, koma m'zonse munalibe njira yobwerera yokonzedwa bwino, ndipo zinthu zambiri zinasinthidwa pa nthawi imodzi moti chikavuta sunkadziwa kuti chavuta n'chiti.

Pali chifukwa china chimene kusintha zonse kumakhalira koopsa, ndipo sichimatchulidwa mokwanira. Sisitimu yakale ndi nkhokwe ya malamulo amene palibe anawalemba pena paliponse. Penapake m'katimo muli mzere wonena kuti sitolo yakuti isatumiziridwe mapaleti aatali chifukwa khomo lake n'lalifupi. Muli wina wonena kuti sopo asakwere paleti imodzi ndi zakudya. Muli wina wowonjezera tsiku limodzi pa katundu wa wogulitsa wina amene amachedwa nthawi zonse. Mzere uliwonse unabadwa tsiku limene china chake chinalakwika, munthu n'kukonza, n'kuiwala. Olemba zofunika za sisitimu yatsopano amafunsa mamanijala, mamanijala amafotokoza mmene ntchito imayenera kuyendera, ndipo malamulo obisikawa amadzaoneka pokhapokha atasowa. Ndiye nthawi yokhala pansi ndi munthu wa shifiti ya usiku uja, ndi woyendetsa forklift amene wakhalapo zaka zambiri, ndi wolemba mapulogalamu wokalamba amene aliyense amamuona ngati wotsalira, si nthawi yotayika. Ndipo muwafunse iwo asanamve mphekesera zoti sisitimu yatsopano idzawachotsa ntchito, chifukwa akamva, sadzakuuzani kanthu, ndipo sindingawadzudzule.

Njira imene ndimaikhulupirira ili ndi dzina m'dziko la mapulogalamu, lakuti "strangler fig". Martin Fowler, katswiri wodziwika pa ntchitoyi, analemba za iyo mu 2004 atachita chidwi ndi mitengo ya mtundu wa kachere imene anaiona m'nkhalango za ku Queensland, ku Australia. Mbewu yake imamera pa nthambi ya mtengo wina, n'kutsitsa mizu pang'onopang'ono mpaka pansi, n'kukula mozungulira mtengo uja mpaka wakalewo kufa, watsopano ataima kale pawokha. Pa nkhani ya madepoti, zimatanthauza kuti chiganizo chosintha mwachipanga kale, sisitimu yatsopano mwaisankha kale, koma ikulanda ntchito gawo ndi gawo. Mwina iyambe ndi maoda a pa intaneti okha, amene yakale ija imawalephera kale. Kenako depoti imodzi yathunthu. Kenako ina. Pakati pa masisitimu awiriwo pamakhala pulogalamu yolondolera, yodziwa kuti oda iyi ipite uku, iyo ipite uko.

Kusiyana kwa njirayi ndi zigamba n'kwakuti sitepe iliyonse ikuchotsa kanthu ku sisitimu yakale, pomwe chigamba chimaonjezera kanthu pa iyo. Kuyesa pang'ono kumakhalapobe, koma funso lake lasintha. Silikufunsanso ngati tisinthe. Likufunsa kuti chimene tasankhachi chithyoka pati.

Sindinganame kuti njirayi ndi yotchipa. Kwa chaka kapena kupitirira, mukulipira masisitimu awiri, ndipo antchito ena ayenera kudziwa onse awiri. Milumikizo ina mukuimanga mukudziwa kuti mudzaitaya. Choopsa kwambiri n'chakuti katundu mmodzi akhoza kukhala ndi manambala awiri osiyana, ndiye pa katundu aliyense, pa malo aliwonse, payenera kukhala sisitimu imodzi yokha imene mawu ake ndi omaliza, ndipo wina aziyerekeza ziwirizo m'mawa uliwonse. Kwa kampani ya depoti imodzi yokha, kugawa chonchi n'kovuta, ndipo nthawi zina kusamuka kamodzi m'nyengo ya malonda ozizira, mutayeserera mokwanira ndi maoda enieni a masiku apitawo, kumakhala kwanzeru kuposa kukoka. Kumeneko ndingavomere. Koma ngakhale apo, katundu awerengedwe yense usiku wosamukawo, masitolo adzazidwe kaye mopitirira pang'ono, ndipo aliyense adziwe ola limene, zinthu zikapanda kuyenda, mubwerera ku yakale.

Kuyesa koona mtima kumaoneka mosiyana ndi kuja ndafotokoza. Malo oyesera akhale ofanana ndi malo ovuta, osati osavuta. Muyese ndi antchito wamba, kuphatikizapo obwera kumene. Katswiri wa ogulitsa achokepo kwa milungu ingapo muone zimene zitsale. Musanayambe, lembani manambala a lero: mizere ingati ya maoda imatoledwa pa ola, ingati imalakwika, lole imatenga nthawi yaitali bwanji kuti katundu wake aoneke mu sisitimu. Popanda zimenezi, pamapeto aliyense adzanena zimene akufuna. Lembaninso, ntchito isanayambe, zotsatira zimene zidzatanthauze kuti zalephera, ndi tsiku limene chiganizo chidzapangidwe. Anthu amakana kulemba zimenezi, ndipo kukanako kumakuuzani zambiri. Komanso yembekezerani kuti m'milungu yoyamba liwiro lidzatsika ngakhale pulogalamu ili yabwino, chifukwa manja a anthu amayenera kuiwala zimene anazolowera. Woweruza sisitimu pa sabata yoyamba adzapha yabwino. Woikhululukira pa mwezi wachisanu ndi chimodzi adzasunga yoipa.

Kanthu kena kapambali, kwa amene akuganiza kuti kusamukira ku mapulogalamu okhala pa intaneti kumathetsa nkhawa zonse. Mu November 2024, achiwembu a pa makompyuta anaukira Blue Yonder, kampani yopereka mapulogalamu oyendetsera katundu, ndipo Morrisons, kampani ya masitolo ya ku Britain, inavutika kuyendetsa madepoti ake a zakudya zosachedwa kuwonongeka mpaka inagwiritsa ntchito njira zapadera. Seva ikachoka m'chipinda chanu, vuto silichoka, limangosamukira kumene simungalifikire ndi dzanja. Depoti iliyonse, ya sisitimu yakale kapena yatsopano, iyenera kudziwa mmene ingatulutsire malole ofunika kwambiri ndi mapepala okha kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo iziyeserera.

Gawo limene limaiwalika kwambiri mu bajeti ndi lomaliza: kuzimitsa yakale. Depoti yomaliza ikasamuka, gulu la ntchitoyo limamwazikana, ndalama zimatha, ndipo seva yakale imatsala ikulira pakona chifukwa a zachuma amatengamo lipoti limodzi mwezi uliwonse, kapena chifukwa sitolo ina yakutali imatumizabe maoda m'njira yakale. Pakapita zaka zitatu mumapezeka muli ndi masisitimu awiri okalamba m'malo mwa imodzi. Ndiye pa pepala lomwelo lopempha ndalama za sisitimu yatsopano, palembedwe mndandanda wa malipoti ndi milumikizo yonse yodalira yakale, kumene mbiri ya katundu ya zaka zapitazo idzasungidwe kuti ofufuza mabuku adzaipeze, tsiku lothetsa malaisensi, ndi dzina la munthu amene adzayankhe ngati tsikulo litadutsa seva ikadali yoyaka.